Agogo Alberto ndi Dzuwa Lochedwa

Ndikawakumbukira agogo Alberto, bambo awo a mayi anga, chimayamba kundifika ndi fungo la guluu womatira machubu a njinga, losakanikirana ndi utsi wa mapesi wochokera m'minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Mongue. Ankakonza njinga patsinde pa mtengo wa mango, pomwe anyamata onyamula chimanga kupita kumalire ankaima n'kumapopetsa matayala. Koma Lachisanu madzulo agogo sankaonanso kasitomala, maso ankangokhala kumadzulo. Dzuwa likangobisika kuseri kwa phiri la Mulanje, ankaponya sipanala pansi, ngakhale patatsala nati imodzi, n'kukamenya chitsulo chomwe chinkalendewera pamtengopo. Mpingo wathu wonse unkayamba Sabata ukamva chitsulocho. Ntchito yomenya chitsuloyi anapatsidwa atangobwera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ankainyadira kuposa china chilichonse.

Ine ndinali mtsikana wapakamwa, woyamba m'banja mwathu kufika kusekondale ku Milange. Tsiku lina aphunzitsi a fizika anatiuza kuti kuwala nakonso kumayenda ulendo, ndipo kochokera kudzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutipeze, moti dzuwa lomwe timaliona ndi la mphindi zapitazo. Nkhaniyi inandiyabwa pakamwa mpaka Lachisanu, pomwe ndinawapeza agogo ali ndi anyamata atatu.

"Wabwera mkazi wanga," anatero, poti ndimo ankanditchulira mwanthabwala. "Watitengera chiyani ku shikola?"

"Agogo, mukudikira chiyani? Dzuwa limenelo lalowa kale! Apurofesori akuti timaliona litachedwa ndi maminutu oito. Zaka zonsezi mwakhala mukumata machubu Sabata litalowa."

Anyamata aja anafa nalo phwete, ine n'kumamva kukoma. Agogo sanaseke.

"Zili m'buku?"

"Zili m'buku."

"Ndiye kuti anthu onsewa ndakhala ndikuwachimwitsa ndine?"

M'mawa mwake anaimirira kutsogolo kwa mpingo, chipewa chili m'manja, n'kupepesa. Anati maso awo akhala akuwanamiza, choncho chitsulo azimenya munthu wina wophunzira. Akuluakulu anawanyengerera, koma anakana. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankalongedza zida dzuwa likadali pamwamba, n'kukhala pachitsa manja ali m'maondo, kudikira kuti chitsulo chawo chomwe chilire m'manja mwa wina.

Chaka chotsatira, tikuphunzira za kuzungulira kwa dziko, ndinawafotokozera aphunzitsi aja monyadira momwe ndinawawongolera agogo. Anagwira mutu. Anati dzuwa silipita kulikonse, dziko ndi lomwe limatembenuka. Kuwala kumafika kosadukiza ngati madzi a mumtsinje, ndipo ngakhale kunanyamuka kale, phiri limatchinga kuwalako pa nthawi yomwe ife timaona likukutchinga. Agogo sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinamva manyazi.

Kunena zoona, mpata wokonza ndinali nawo wa zaka ziwiri zathunthu. Koma pamudzi anali atayamba kunditchula kuti dotora, kutanthauza dokotala, ndipo dzinalo linkandikoma. Agogo nawonso ankauza aliyense woima ndi njinga kuti, "Mdzukulu wanga uyu mutu wake ndi wina." Ndiye ndikanayambira pati? Ndinkangoti ndiwauza mawa, ndiwauza tikakhala awiri. Tikakhala awiri ndinkayamba nkhani za mvula.

Atadwala matenda omwe anapita nawo, anandiitanitsa masana ena. M'nyumba munkanunkhira mafuta opaka pachifuwa, ndipo mayi anali panja akuchapa zofunda.

"Iwe ndikuthokoze ndikadali ndi mpweya," anatero. "Pakanapanda iwe ndikanakafika kwa Mulungu ndi tchimo lomwe sindinkalidziwa."

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimawalanga akanama. Sadziwa zomwe mayi wawo anachita tsiku limenelo. Ndinawagwira dzanja agogo, choonadi chonse chili pakhosi, munthu atatsala ndi masiku awiri okha oti amve kuti sanalakwe. Ndipo ndinayankha kuti, "Palibe kanthu, agogo."