Ndowa za m'chitsime cha a Gavril

A Gavril Cebotari akumba zitsime zoposa makumi asanu m'mudzi mwathu muno ndi midzi ya kufupi ndi tauni ya Soroca. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chimene chinandipsetsa mtima tsiku limene ndinawamva akulakwitsa kuyeza chitsime cha pakhomo pawo pomwe.

Ine ndine Frosea, wogawa makalata, ndipo ine ndi iwo tinangolekana mpanda. Akazi awo anatisiya kalekale. Mwana wawo Rodica anapita kunja kwa dziko, ku Padova, kukasamalira nkhalamba za eni ake, n'kuwasiyira mwana wake wamkazi Ilinca ali ndi zaka ziwiri. A Gavril anamulera okha zaka zisanu ndi ziwiri. Ankamuluka tsitsi ndi manja ozolowera fosholo ndi chingwe, moti mwana ankapita kusukulu mangongo atayang'ana kwina ndi kwina. Kenako mayi ake anabwera kudzamutenga. Pano Ilinca ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo chilankhulo chathu amachilankhula mosamala ngati mlendo.

Amaimba Lamlungu lokha. Foni ndimawagwirira ine kuti azionana, chifukwa zala zawo zinauma ndi simenti, akakhudza galasi silimva.

"Muli bwanji, agogo?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

"Bwinobwino. Amayi ndi awa."

Basi. Sabata yonse kudikira zimenezo. Akatero a Gavril amakakhala pa benchi ya pachitsime, ndipo ine zimandiwawa kuwaona.

Ndiye Lolemba lina la mu Meyi, masana, ndinamva akundikuwira pampanda kuti foni ikulira. Anali Ilinca. Aphunzitsi a masamu anawauza kuti aliyense apeze chinthu chooneka ngati silinda, ayeze, awerengere madzi amene angalowemo. Anzake anasankha zitini za tomato. Iye anakumbukira chitsime cha agogo ake, chija cha mikombero ya simenti yosanjikizana.

"Ndikufuna ziwiri zokha, agogo. Kukula kwa kukamwa kwake, ndi kuzama kwa madzi."

A Gavril anatenga tepi, nayeza, nati: "Mita imodzi ndi masentimita makumi awiri. Za kuzamazo uimbe mawa, chingwe ndabwereketsa."

Chingwe chinali pa msomali kumbuyo kwawo, ndikuchiona ndi maso angawa. Ndipo tepiyo anaikoka kuchokera kunja kwa mkombero kufika kunja, kuphatikiza ndi simenti. Foni itaduka ndinawafunsa.

"Inu a Gavril, madzi amakhala m'simenti kuyambira liti?"

"Iwe Frosea, makalata watha kugawa?"

Lachiwiri Ilinca anaimbanso. A Gavril anamuuza kuti mamita khumi ndi anayi. Kumeneko kunali kuzama kwa chitsime chonse, osati kwa madzi. Lachitatu mwana anaimba ataipidwa.

"Agogo, ndapeza malita pafupifupi zikwi khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndi chitsime chimenecho kapena nyanja?"

"Ukalamba, mwanawe. Maso."

"Mwayeza m'kati kapena kunja?"

"Kodi kumafunika m'kati?"

Munthu woti akayang'ana dothi amakuuza pamene madzi ali, kufunsa funso lotero! Ndinafuna kuwaponyera foniyo m'chitsime. Koma ndinaona nkhope yawo, ndipo ndinapitiriza kuigwira. Anayeza bwinobwino mwana akuona: m'kati mita imodzi ndendende. Anatsitsa chingwe chomangirira mwala, nachikoka, nayeza ponyowa: mamita anayi. Zonsezi anazichita pang'onopang'ono, uku akumuonetsa mphesa zimene anabzala limodzi, ndi pamene anagwera n'kuchoka dzino. Tsiku limenelo mkono wanga unachita dzanzi, mphindi makumi anayi ndili chigwirire foni.

Lachinayi anaimba yekha, popanda womunamiza.

"Ndapeza, agogo. Theka la mita kuchulukitsa ndi theka la mita, kuchulukitsa ndi 3.14, kuchulukitsa ndi mamita anayi. Malita 3,140. Ndowa zanu zija za malita khumi zikwana 314."

"Bodza. 350."

"Masamu sanama, agogo."

"Chitsimechi ndimachikapa chaka ndi chaka ndikamachitsuka, ndowa ndimawerenga ndekha. 350. Aphunzitsi akowo anakapapo chitsime?"

"Ndiye zina 36 zikuchokera kuti?"

"Iwe ukamatunga, chitsime chimangokhala n'kumakuyang'ana? Madzi amalowa pansi, ukuchotsa ena akubwera. Silinda wakoyo ndi wa papepala."

Ilinca anaseka. Kuseka kwenikweni, kuja ndinkakumva pampanda ali wamng'ono. Anayamba kuwatsutsa mofulumira, m'chilankhulo chathu, osafunafuna mawu, mpaka anawatcha nkhalamba yamakani. A Gavril anatembenuka ngati akukonza chingwe, koma ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa.

Lachisanu foni sinalire. Loweruka sinalire. Lamlungu inalira: aphunzitsi amupatsa malikisi asanu ndi anayi pa khumi, zikomo agogo, amayi ndi awa.

Sabata yotsatira ndinawapeza akuyeza mgolo wa vinyo. Anayeza ndowa, paipi ya chitofu, mabotolo a nkhaka zoviika, ngakhale chipika chowazirapo nkhuni. Manambala onse anawalemba ndi choko pachitseko cha khola, m'kati ndi m'kati, mopanda kulakwitsa ngakhale pamodzi. Foni ankayenda nayo m'thumba la malaya. Palibe anawafunsa manambalawo.

Tsiku lina anandiimitsa pageti chikwama cha makalata chili paphewa.

"Frosea, m'buku la masamu, akatha silinda amaphunzira chiyani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Sukulu ndinasiya kale."

"Umadutsa pasukulu tsiku lililonse. Pakamwa uli napo."

Ndinadandaula, koma ndinakafunsa mphunzitsi wa pasukulu yathu. Anandijambulira pa envelopu chinthu chozungulira pansi, chosongoka pamwamba. Ndinawapatsa a Gavril. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nachipinda, nachiika m'thumba limodzi ndi foni.

Ng'ombe yawo anagulitsa chaka chimene Ilinca anachoka, poti mkaka unalibe woumwa. Koma kumayambiriro kwa Juni ndinamva akunola chikwakwa chawo chachitali. Masiku anayi akumweta udzu kudambo, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, msana uli gwa. Anauyanika, naututa pa wilibala, nazika mtengo pakati pa bwalo, naunjika udzuwo mouzungulira mpaka unasongoka pamwamba. Anthu odutsa ankafunsa ngati agulanso ng'ombe. Iwo ankangoti akuganizira.

Dzulo anandipempha kuti ndiwagwirire makwerero. Anakwera ndi tepi, nayeza kutalika, natsika, nayeza pansi, nalemba pachitseko paja.

"Akaimba ndimupatsa imodzi yokha," anatero. "Inayo aimbe mawa lake."

Rodica anandilembera sabata yatha kuti sukulu kumeneko anatseka, ndipo Ilinca chaka chino sabweranso, akupita kunyanja ndi anzake. Anandipempha kuti ndiwauze bambo ake pang'onopang'ono. Sindinawauzebe. Ndinangowalandira choko n'kuwakonzera nambala ina imene sinkaoneka bwino.