Kukanikiza Ramu ya Eni Ake

Kompyuta ndinaiphunzira ku Mitundu, pa imodzi yokha imene tinkalimbirana kusukulu kwathu. Nditamaliza fomu folo, malume anga anandipemphera ntchito kwa bambo wina wa sitolo ku Nathenje, Msilamu wa ndevu zoyera amene ankasindikiza makalata ndi zithunzi. Kompyuta yawo inkachedwa kwambiri moti makasitomala ankatopa n'kukwera minibasi kupita m'tauni. Bambowo anagula ramu, kachidutswa kobiriwira kothandiza kompyuta kuthamanga, ndipo anati ndikaiika bwino m'kompyutamo adzandilemba ntchito. Malume anali atawauza kale kuti, "Mwanayu ndi wamanyazi, koma manja ake amadziwa."

Ndinatsegula kompyutayo, ndinaika ramu pamalo pake pafupi ndi yakale, n'kuyatsa. Inangolira kuti piii, piii, sikirini ili bii.

"Yasanduka minibasi tsopano, ikuitanira a ku Dedza?" anafunsa bambo aja.

Ndinaseka pang'ono. Ndinkaganiza za malume, kuti akamva adzayang'ana kuti. Ndinazimitsa n'kuchotsa ramuyo. Inali ya mtundu woyenera, kampata kake kankagwirizana ndi malo ake. Ndinachotsa fumbi la mumsewu ndi kaburashi, ndinapukuta timano take ndi labala ya pensulo. Nditasiyamo yakale yokha, kompyuta inayaka. Nditabwezera yatsopano, inaliranso.

Pamenepo ndinaona kuti timapini toyera ta m'mbali, togwira ramu, sitinatsekeke. Kwathu tinaleredwa kuti chinthu cha akuluakulu umachilandira ndi manja awiri n'kuchiika pansi mosamala. Ine ndinkaika ramu ija ngati dzira, pamene iyo inkafuna kukanikizidwa mpaka timapini titaluma.

"Bambo, ndimapempha mundilole ndikanikize ndi mphamvu," ndinatero, maso ali pansi.

"Nanga ikathyoka?"

"Sithyoka. Ndaona pamene yatsalira."

Anakanda ndevu kwa kanthawi. "Malume ako akamadinda fodya pa jeke sapepesa kwa belo. Kanikiza, mwana wanga."

Ndinaika zala zazikulu mbali zonse ziwiri n'kukanikiza. Bolodi imene ramu imakhalapo inapindika pang'ono, kenako ndinamva timapini tikutsekeka tokha. Nditayatsa, sikirini inawala. Ndinawaonetsa pamene panalembedwa kuti ramu zonse ziwiri zikugwira ntchito. Mayi wina amene ankadikira chithunzi cha mwana wake anachilandira asanakhale n'komwe pa benchi.

Loweruka malume anabwera pa njinga kudzagula mchere. Anandipeza nditakhala pa kompyuta, ndikusindikiza makalata a anthu.

"Munanena zoona," bambo aja anawauza. "Manja amadziwa, kungoti amayamba aodira."

Malume anangovula chipewa, n'kukhala pa benchi nthawi yaitali akundionerera ndikugwira ntchito.