Chimbale cha Alongo Anga pa Maliro

Chimbalecho chinatuluka ndili mtsikana ku Chimwemwe, komboni ya ku migodi. Alongo anga ndi anzawo anajambula nyimbo zawo za magitala olira mokalipa, zosokosera mpaka mano kuchita dzanzi. Atabwera nacho kunyumba, atate, munthu wa mumgodi ndiponso Mkatolika wouma khosi, anachiponya pawindo. Chinagwera pamwala n'kukandika mbali yoyamba. Kuyambira pamenepo alongo anga ankasanjika bokosi la machesi pamutu pa singano ya galamafoni kuti isadumphe pachipserapo.

Atadwala chaka chatha anandipempha chinthu chimodzi: chimbalecho chidzalire pa maliro awo. Ndinavomera.

Pa maliro timatulutsa mipando yonse ya m'nyumba kuti azimayi tikhale pansi, azibambo panja. Anyamata anatulutsa galamafoni pamodzi ndi mipandoyo, n'kuikapo mbale za tiyi ngati tebulo. Ine ndinali m'kati ndi alamu anga, amasiyewo. Tsiku loika maliro litayandikira ndinatuma mawu kwa atcheyamani a kwaya. Yankho linabwera msanga: nyimbo za osuta chamba sizilira pamaso pa mtanda.

Magazi anandiwira. Munthu anaimba gitala mu kwaya yomweyo mpaka zala kupindika, lero akhale wachamba? Ndinamanga chitenje, ndinadumpha miyendo ya azimayi, ndinatuluka masana dzuwa likuswa mtengo n'kukalowa pakati pa azibambo. Mbale za tiyi ndinazitsitsa pansi.

“Amayi, bwererani m'nyumba,” anatero atcheyamani. “Ici te cintu ca pa cililo. Si chinthu cha pa maliro ichi, si malo ake ano.”

“Ba Chairman, malo ake ni kuti? Mawa m'mawa ba ten hours muwaika m'manda. Azamvera kuti?”

Ndinaika chimbalecho pa galamafoni, singano ndinaitsitsa. Gitala inabangula, kwaya inaleka kuimba. Itafika pachipsera cha atate, singano inayamba kudumpha n'kumabwereza malo amodzi. Ena anaseka. Machesi ndinalibe, ndipo misozi ya manyazi inalengeza. Mdala wina wa mumgodi, amene sindinkamudziwa, anapisa m'thumba, nasanjika bokosi lake pamutu pa singano osafunsa aliyense. Nyimbo inadutsa.

Atcheyamani anatambasula dzanja kuti azimitse. Pamenepo m'nyumba munamveka mawu a alamu anga, amene chimwalirire amuna awo anali asanalankhule.

“Alamu, kwezani. Kuno sitikuwamva.”