Simbi Zitatu ndi Ketulo

Ndikukumbukira kutopa kwa chaka chimene ndinali mu Fomu 2, pa sukulu ina ya sekondale yogonera komweko kufupi ndi Balaka. Inali nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo tinauzidwa kuti akuluakulu a chipani adzachititsa msonkhano mu holo yathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, choncho panalibe wotifunsa ngati tikufuna. Tikaweruka m'kalasi ankatiunjika mu holomo, pansi pa malata otentha ngati chiwaya, kuti tiphunzire nyimbo zotamanda. Nyimbo imodzi tinkaibwereza mpaka kummero kuuma gwa. Atsikana ena ankakomoka, n'kuwathira madzi, n'kuwabwezera pamzere.

Wotiphunzitsa anali a Kalonga, aphunzitsi a mawu aang'ono ngati a mwana. Mphamvu zawo zonse zinali mu chimkuzamawu chobwereka. Chikazima, a Kalonga ankangooneka kukamwa kukuyenda, wowamva kulibe.

Kuseri kwa holoyo kunali kachipinda kositira, momwe munali simbi zamagetsi zitatu ndi ketulo ya aphunzitsi. Tsiku lina ndinaona pulifekiti wina atayatsa ketulo anzake akusita, ndipo posakhalitsa magetsi a mu holo anathima. Ndinafunsa Che Twaibu chifukwa chake. Iwowa anali mkulu wa kwa Mposa, woyang'anira magetsi ndi mipopi pasukulupo, amene anaphunzira ntchitoyo ku migodi ya ku Joni. Anatsegula bokosi lachitsulo la pakhoma n'kundionetsa kaswitchi kakuda.

"Iyi ndi buleka," anatero. "Zinthu zikakoka moto wambiri kuposa mphamvu ya waya, imagwa yokha kuti waya asapse. Holo ndi kachipinda aka zili pa waya mmodzi."

Anandiphunzitsa mwa mtima wabwino. Ine ndinamva zina.

Lolemba lotsatira, nyimbo ili pakati, ndinagwira pamimba n'kupempha kutuluka. Ndinalowa m'kachipindamo, n'kuyatsa simbi zonse zitatu pamodzi ndi ketulo yodzaza madzi. Ubwino wa buleka ndi wakuti ikalemedwa chotere sigwa nthawi yomweyo, imayamba yatentha kaye. Choncho ndinabwerera pamzere, nkhope ili ngati ya mwana wa kwaya, ndipo ndinali kuimba mokweza kuposa aliyense pamene chimkuzamawu chinati zii. Anatuma mwana kukaitana Che Twaibu. Anabwera ndi kiyi, n'kukweza buleka ija. Patapita kanthawi inagwanso. Itagwa kachitatu a Kalonga anaponya manja m'mwamba n'kutiuza kuti tizipita. Ine ndinadzera kuseri, n'kuzimitsa zonse, n'kukagona pansi pa mtengo wa mango. Tulo ngati timene ndinagona masana amenewo sindinatipezenso mpaka lero.

Lachiwiri ndinabwereza, Lachitatu chimodzimodzi. Anzanga ankathokoza Mulungu, osadziwa kuti woyenera kum'thokoza wavala kabudula wong'ambika ndipo ali pambali pawo.

Lachinayi ndi pomwe zinavuta. Sindinadziwe kuti a tcheyamani a chipani a m'deralo abwera kudzaona mmene takonzekera. Nditabwerako kuseri kuja ndinawapeza atatenga maikolofoni, akutchula maudindo onse a mtsogoleri wa dziko limodzi ndi limodzi. Ali pakati, mawu anaduka. Mu holo munachita bata loti ngakhale wotsokomola anameza chifuwa chake.

Che Twaibu anaitanidwa pamaso pa tonse. Anaima atavula kofia, ataigwira ndi manja awiri.

"Ndinu amene mukudula mawu a chipani?"

"Iyayi, bwana. Ndi buleka. Pali chimene chikukoka moto, ndikuchifufuza."

"Ndiye kamangeni kanthu kanuko kasagwenso."

"Ngakhale mutakamanga ndi chingwe, bwana, kamagwera m'kati."

"Kachotseni! Lumikizani waya mwachindunji."

"Tikatero chitetezo palibe. Waya akatentha apsera m'denga, ana ali pansi."

A tcheyamani anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Achimwene, ine sindinabwere kudzaphunzira zamagetsi. Loweruka mawu akadzaduka alendo akulankhula, mukafotokoza kwina."

Tonse tinkadziwa kuti kwinako ndi kuti, ndiponso kuti opita kukafotokoza sankabwerako msanga. Madzulo amenewo sindinadye bwino. Komabe, kunena zoona, chimene ndinkaganiza kwambiri chinali chakuti ndisagwidwe.

Che Twaibu anandigwira mawa lake. Lachisanu atachoka ku mzikiti anandipeza pa mpopi, n'kundikodola ndi chala. Tinalowa m'kachipinda kaja, iwo n'kutseka chitseko. Anandionetsa soketi ya pakhoma. Pulasitiki yake inali itasanduka yachikasu, mbali imodzi itayamba kusungunuka, ndipo inkanunkha ngati nsomba yowola.

"Dzulo nditachoka pamaso pa a tcheyamani ndinalowa muno," anatero. "Simbi zonse zotentha, chovala palibe. Ketulo yotentha, kapu palibe. Ndiye ndinadzifunsa kuti ndani pasukulu pano amadwala m'mimba nthawi imodzimodzi tsiku lililonse."

Ndinayamba kukana. Anangokweza dzanja, ngati munthu amene alibe mphamvu zomvera bodza lina.

"Mwanache, ine ndakalamba. Ndikakutchula kwa a hedi, sukulu yako yatha, ndipo bambo ako adzawafunsa kuti mwanayu anamutuma ndani. Ndikachotsa buleka, ndiye kuti ndayika moto pamwamba pa ana a eni. Ndikapanda kuichotsa, wina n'kuyatsa simbi mawa, ndapita ndine. Tandiuza iwe wanzeruwe, ndisankhe chiti?"

Ndinangoyang'ana mapazi awo, ong'ambika zidendene, m'masandasi a matayala.

Anasankha okha. Anatenga kachidutswa ka waya wonenepa, n'kukamangirira m'bokosi muja pamalo pooneka bwino, koma nsonga zake zonse zitakulungidwa tepi, zosakhudza chilichonse. A tcheyamani atabwera madzulo kudzayendera, anasuzumira, n'kugwedeza mutu mokhutira. "Mwaona? Nkhani yake ndi kumvera basi." Buleka inali pomwepo, ikugwira ntchito yake monga kale.

Chilango changa chinali chakuti Loweruka ndikhale m'kachipinda kositira kuyambira m'mawa, ndilondere masoketi. Che Twaibu anauza a Kalonga kuti akufuna mwana mmodzi wodalirika. Ine, wodalirika! Ndinasekera m'malaya, poti apanso ndinali nditazemba kuimba.

Kuseka kunatha msanga. Kachipindako kanalibe windo lotseguka, ndipo chimodzi mwa zimkuzamawu anachipachika pakhoma lomwelo, kuseri kwa mutu wanga. Alendo anachedwa, anafika dzuwa lili paliwombo. Analankhula mmodzi, n'kubwera wina kudzathokoza woyambayo, kenako wachitatu kudzabwereza zimene anena awiriwo. Thukuta linkatsika mpaka m'nsapato. Chapakati pa msonkhano kunabwera akazi a aphunzitsi ena ndi ketulo ina yaikulu, akufuna kuwiritsa madzi a tiyi wa alendo.

"Tsegula iwe, alendo akudikira!"

"Pepani amayi, kawiritseni pamoto."

"Ukudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani?"

Ndinatsamira chitseko ndi msana mpaka anachoka akundilalatira. Ndinazindikira pamenepo kuti ngakhale ine ndikanasiya zanga, ketulo imeneyo ikanawatengetsa Che Twaibu.

Pa kampata ka chitseko ndinkawaona. Anaima pafupi ndi bokosi lawo kuyambira m'mawa, osakhala pansi, osamwa madzi, chikhatho chili pa chitsulo kumvetsera ngati chikutentha. Nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, inadutsa ali chiimire, munthu amene sindinamuonepo akuiphonya. Magalimoto a alendo atanyamuka, dzuwa litapendeka, Che Twaibu ananditsegulira, kenako anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa simenti. Sanandikalipire. Anangoti, "Kanditungire madzi." Ndinawatungira, ndipo anamwa kapu yonse osapumira.

Anakhalabe pantchito mpaka ine kumaliza Fomu 4, ndipo dzina langa sanalitchule kwa munthu aliyense.

Owerenga ena akudikira kuti ndinene kuti ndinalapa. Iyayi. Masana atatu aja ndinapumitsa sukulu yonse, ndipo ndikakumana ndi anzanga akale ku Liwonde ndimawakumbutsa kuti sanandithokozebe. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti buleka ikagwa, siyo yalakwa. Imakhala ikunena kuti penapake pali chimene chalemera, ndipo munthu wanzeru amapita kukachifufuza asanaikwezenso. Ife nthawi imeneyo tinazolowera kukalipira chimene chadula mawu, osafunsa chimene chachititsa. Ndikumvetsanso kuti Che Twaibu anali ndi njira ziwiri zophweka zodzipulumutsira, kutchula dzina langa kapena kuchita zimene anawalamula, ndipo zonse anazikana popanda wowaombera m'manja. Nkhaniyi ndimaikamba ndikuseka, koma ndikafika pa mkulu uja atakhala pa simenti, kapu ya madzi ili m'manja mwake, ndimafulumira kusintha nkhani.