Mbaula ya Gasi ku Midzemba

Chimene chinandichotsa ku Midzemba ndi denga. Ndinali mkamwini pamudzi pa mkazi wanga Nachisale, ndipo mvula ikagwa tinkangokhalira kusuntha mphasa kuthawa madontho. Atsibweni ake sankalankhula zambiri. Ankayang'ana udzu wovunda padengapo, kenako n'kuyang'ana ine. Nditatopa nawo maso amenewo, ndinamuuza Nachisale kuti ndikupita ku Halale, chaka chimodzi basi, ndikabwere ndi malata.

"Chaka chimodzi ndipirira," anatero. "Koma musakakhale mtchona."

Ku Halale ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, ndekhandekha, moti masiku ena ndinkalankhula ndi galu wa bwana m'Chichewa kuti ndisaiwale mawu anga. Malipiro anali ochepa. Kandalama kochepako ndinkapatsira madalaivala a malole odutsa ku Tete kuti akapereke kwa Nachisale, ndipo nthawi zambiri kankathera m'njira, poti kunali nkhondo ndipo aliyense anali ndi chonamizira. M'makalata sitinkalemba zakukhosi, chifukwa zinkamveka kuti amatsegulidwa asanafike. Nachisale sankadziwa kulemba, ankamulembera ndi ena. Mawu ake anali omwewo: tili bwino, mvula yagwa, mubwera liti. Kenako makalatawo anasiya. Chaka chija chinali chitabala zinzake zambiri.

Tsiku lowawa linali Lamlungu. Bwana ankatulutsa mbaula yake ya gasi yootchera nyama, kamoto kabuluu kopanda utsi, mkazi wake, ana ndi alendo atamuzungulira. Ine ntchito yanga inali kutsuka waya wake akamaliza. Sindinkasirira nyamayo ayi. Ndinkasirira mwamuna woimirira pakhomo pake, anthu akumuyang'ana ngati mwini nyumba. Mkamwini zimenezo sazidziwa.

Nditaganiza zobwerera, ndalama za malata zinali zosakwana. Ndinalowa m'sitolo ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, limodzi ndi mnzanga Lameki wa ku Dedza, yemwe anali khukhi panyumba yoyandikana nafe. Munali mbaula za gasi zamitundumitundu. Ina inali yaikulu, yamateyala ndi chivundikiro, koma ndinakumbukira chitunda cha kwathu chimene ngakhale mbuzi imapumira panjira. Ina inali yonyezimira koma yopyapyala ngati chitini. Ndinasankha yamiyendo yopinda, yoti munthu asenze pamutu, ndipo ndinaigogoda paliponse ngati ndikugula mtondo.

"Iwe, gula njinga kapena wailesi," anatero Lameki. "Gasi akatha ukamupeza kuti kumapiri kwanuko?"

"Ku Blantyre," ndinayankha, ngati Blantyre ali kuseri kwa nkhokwe.

Pachipata cholowera m'dziko ku Mwanza anyamata achipani anandimeta tsitsi, ati latalika, n'kundigulitsa khadi ya chipani. Ndinafika ku Midzemba mutu uli mbee, mbaula pamutu. Denga ndinalipeza lofoleredwa bwino, ndipo dzanja lofolera chotero ndi la mwamuna. Sindinafunse. Nachisale anagwada, nandilonjera mwaulemu wonse, maso ali pansi.

Ndinagula mbuzi n'kuitana mudzi wonse. Moto utayaka popanda nkhuni, amayi anawomba m'manja, ndipo kwa kanthawi ndinadzimva kuti ndine munthu. Nyama itayamba kununkhira ndinaitana: "Nachisale, bwera udzathire mchere."

Phokoso lonse linatha. "Thirani nokha, bambo," anatero Nachisale chapansipansi. Apongozi anga, mayi ake, anadzuka msangamsanga n'kuthira okha.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, choncho ndinadziuza kuti ndi zimenezo. Koma palinso lamulo lina limene aliyense amalidziwa: mkazi amene akuyenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'chakudya cha mwamuna wake, kuopa kumudula. Wodulidwa amatupa miyendo, amatsokomola, mapeto ake ndi kumanda.

Mwezi unatha, wina unayamba. Ndiwo zinkabwera, mchere uli pambali m'kambale. Ine ndinkangoyatsa mbaula ija, lero nkhuku, mawa matemba, ngakhale chimanga chachiwisi, kungofuna pomuitanira. Yankho linali lomwelo. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti onse amene anadya mbuzi yanga ankadziwa, ndipo palibe amene akanandiuza. Ndinapita kwa atsibweni ake. Iwo anati, "Mwamuna akatha zaka osaoneka, munda sudzilima wokha. Tikamba, koma musaiwale kuti mudzi uno uli ndi eni ake." Ndinalibe kwina kopita. Kwa amayi anga ku Chifunga kunali kutatsala manda okha, ndipo mkaziyo ndinkamufunabe. Ndinkachita manyazi ndi chikondi changacho.

Madzulo ena kamoto kanayamba kuchepa, gasi akutha. Pawaya panali chiwindi chokha. Panalibe apongozi, panalibe mlendo. Ndinamuika kambale ka mchere m'manja.

"Thira, Nachisale. Ngati n'kutupa, nditupe."

Anakaika pansi kambaleko osathira. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni anandiyang'ana m'maso.

"Ndinakudikirani mpaka anthu anayamba kunditcha wamasiye," anatero. "Amene anafolera dengali sindingamuthamangitse ngati galu, poti anatidyetsa chaka cha njala. Koma mchere sindithira. Ndikanakhala kuti sindikukufunani, bambo, ndikanathira tsiku loyamba lomwe lija."