A Vinsenti Aitanidwa ku Zomba

A Vinsenti Mbewe a ku Mphunzi anali mlimi wa kachewere ndi kabichi, munthu wosapitirira Sitandade 4. Chimene ankadziwika nacho chinali pakamwa: mawu akale a kumunda ndi a kuuzimba ankawatchula ngati akuwerenga ana awo. Wansembe wina wa ku Kasina ankakonda kukhala nawo pakhonde n'kumalemba mawuwo, ndipo ndiye anapereka dzina lawo kwa ophunzira a ku Zomba. Anangoiwala kuwauza eni ake, n'kupita kutchuthi kwawo.

Lachiwiri pa 9 Seputembala 1975, mesenjala wa kwa DC anawapeza kudimba.

"Mukufunika ku Zomba, bambo. Akuti akakufunseni za mawu amene mumayankhula. Galimoto idzakutengani Lolemba. Kogona ndi chakudya boma lakonza kale, musavutike kunyamula kanthu."

Khasu linagwa lokha. Masiku amenewo Zomba inali ndende, ndipo wogonekedwa ndi boma sankafunsidwa tsiku lobwera.

"Munanena chiyani, aMbewe?" anafunsa akazi awo, aNangozo, akunong'ona m'nyumba mwawo momwe. "Pamaliro paja? Kumowa kwa a Kizito?"

"Ndimayankhula tsiku lililonse, mayi. Ndidziwe ati?"

Sabata imeneyo anakalapa, nasonyeza akazi awo malire a munda. Anansi anayamba kudzera njira yakuseri.

Lolemba landirova inafikadi. Anavala malaya awiri ndi jekete, poti anamva kuti kumeneko bulangete n'losowa. Dalaivala anali wachete. Pa Ntcheu anaima n'kuwagulira Fanta, a Vinsenti n'kuganiza kuti ndi chifundo chimene amachitira nkhuku asanaizinge. Sanamwe.

Atafika, anawalowetsa m'nyumba yaitali ya zitseko zofanana, iliyonse ndi nambala yake. Mayi wina wovala yunifolomu anatsekula chimodzi, nawapatsa kiyi m'manja.

"Nanga wotsekera ndani?" anafunsa a Vinsenti.

"Mudzitsekera nokha, bambo, cham'kati. Tiyi ndi seveni koloko."

Anakhala pabedi, kiyi ali m'manja. Nyumbayo inali malo ogona ana a sukulu yaukachenjede, ndipo iwo anali mlendo pa msonkhano wa akatswiri a chiyankhulo.

Komabe mtima sunatsike. M'holo ya msonkhanowo aliyense anali ndi cholembera, ndipo patebulo panali makina ojambula mawu. Atafunsidwa dzina la msampha wa mbewa, anayankha. Atafunsidwa mawu akale onena mfumu yokalamba imene yayamba kuiwala, anayang'ana makina aja akuzungulira.

"Kwathu kulibe mawu otero," anatero.

Loweruka pa 20 landirova inawatula pa msewu, atanyamula buledi ndi shuga. ANangozo anagwada pabwalo n'kulira mokweza ngati pamaliro. Koma m'mudzimo munthu wopita ku Zomba pa galimoto ya boma n'kubwerako ndi shuga anali asanaonekepo. Madzulo ake atapita pabawo, amuna anaimika nkhani.

"Mwayenda bwanji, bwana?" anatero a Kizito, amene kale ankawatcha "alamu".

Anafotokoza za msonkhano, za kiyi, za tiyi wa seveni koloko. Onse anavomera ndi mitu mwaulemu waukulu, kenaka mmodzimmodzi anakumbukira mbuzi zosatsekera.

A Vinsenti anamwalira pa 3 Meyi 1988. Zaka zonsezo ankalima, ankapita ku Misa, ndipo anthu akawaona akubwera ankayamba kukamba za mvula.