Laputopu ya Amalume Yusufu

Mpaka lero ndikadutsa pamene telala akusita nsalu ndi nsimbi ya makala, fungo lija la utsi wosakanikirana ndi mafuta a makina limandibweza ku Ntaja, kwa agogo anga a Che Bwanali, amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, tepi ili m'khosi, mapazi akupalasa makina, akabaza akuliza mabelu mumsewu, iwo akukalipira aliyense wowatchingira kuwala. Anali munthu waukali. Ine ankanditcha bwana waulesi.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, amalume Yusufu, mlongo wa mayi anga. Anapita ku Joni ine ndili wamng'ono, ndipo anamwalira konko atadwala masiku ochepa. Poti ndife Asilamu, anzawo anawaika mwachangu, choncho kwathu kunalibe manda oti munthu akaimepo. Chimene chinabwera pa basi chinali chikwama cha zovala ndi laputopu yakuda yothothoka batani limodzi.

M'laputopumo munali kavidiyo kamodzi kamene amalume anadzijambula ali m'chipinda chawo, akupereka moni kwa bambo awo m'Chiyao, akuseka, akulonjeza kuti abwera pa Idi. Sanakatumize. Lachisanu lililonse agogo akachokera ku mzikiti ankakhala pampando n'kunena kuti, "Amidu, tamuitana mwana uja." Wodziwa kuyatsa ndinali ine ndekha. Ankaonera kawiri, n'kupukuta galasi ndi kansalu, n'kubwerera ku makina awo.

Masiku ena onse laputopuyo inali yanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo mutu wanga wonse unali pa gemu ya mpira imene mnzanga anandiikiramo. Koma abale, chinthucho chinali nkhalamba! Wosewera akati amenye mpira ankauma mwendo uli m'malere, fani ikulira ngati chigayo, pansi pake pakutentha mpaka kuwotcha ntchafu. Anzanga ankandiseka. Wina ndiye anandiuza kuti ku Balaka kuli mkulu wokonza makompyuta, amawonjezera ramu yopatsa liwiro n'kusintha disiki yosungiramo zinthu zonse, makina n'kuyamba kuthamanga.

Za gemu sindinawauze agogo. Ndinati, "Ambuje, ikakonzedwa amalume azituluka msanga, simuzidikiranso." Apa ndiye pamandiwawa mpaka pano. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi awo, kenaka anati, "Ukamugwire bwino. M'minibasimo usakamuike pansi." Ndalama yoyendera ndi yokonzetsera anandipatsa okha, thukuta la mayunifolomu amene anasoka mwezi umenewo.

Kashopu ka ku Balaka kanali kodzaza mawaya ndi fumbi. Mkuluyo anatsegula laputopu kunsi, anaikamo ramu ndi disiki yatsopano, n'kunena kuti disiki yakaleyo ndimusiyire kuti mtengo utsike. Kenaka anafunsa, "Mphwanga, muli zofunika umu? Kukopera kutenga maola awiri." Pakona anyamata awiri ankasewera gemu yomwe ija pa kompyuta ina, mpira ukuyenda myaa, ndipo maso anga anali kumeneko. Sindinganame kuti ndinaiwala za kavidiyo. Ndinangodziuza kuti poti laputopu ndibwerera nayo, amalume abwerera nayo limodzi. Sindinafunse.

"Iyayi, mulibe," ndinatero.

Masiku anayi ndinasewera ngati wamisala, anzanga ondiseka aja atadzaza khonde kupempha kuti agwireko. Kenaka Lachisanu linafika.

"Amidu, tamuitana."

Laputopu inayaka msanga, monga ndinalonjezera. Ndinatsegula apa, ndinatsegula apo. Munali gemu yokha.

"Wachedwa bwanji lero?" agogo anafunsa.

Ndinaulula zonse ndikulira. Ndinkayembekezera mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Sanandikhudze. M'mawa mwake anafunditsa makina awo nsalu, chinthu chimene sankachita ngakhale atagwidwa malungo, tinakwera limodzi minibasi ya ku Balaka.

Mkulu uja atamva anagwira pakamwa. Disikiyo anali ataifufuta kale n'kuiika m'makina a munthu wina wodutsa, kaya wa ku Nkaya kaya wa kwina, dzina sanamufunse. Agogo, amene ankakalipira msika wonse, anaima pakauntala atapinda manja n'kupempha motsitsa mawu, "Bambo, tayang'anani bwino. Muli mwana wanga mmenemo." Mkuluyo anatsegula madirowa onse, koma tonse tinkaona kuti akungochitira ulemu.

Pobwerera, tikuwoloka mlatho wa ku Liwonde, agogo anasuzumira pawindo. Akuyang'ana madzi anati, "Ndiye tamuika lero."

Laputopu sanandilande. Ankangoti, "Sewera, si wakonzetsa," popanda mkwiyo m'mawu mwawo, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa chikoti. Sindinayatsenso gemu ija. Lachisanu akachokera ku mzikiti ankapitirira pampando paja n'kukakhala pa makina, ine n'kuzemba kupita kuseri kwa nyumba.

Patapita miyezi, ndikuwalowetsera ulusi m'singano poti maso anali atayamba kufooka, anandigwira dzanja.

"Amidu, iwe makutu ako ndi atsopano. Kodi Yusufu ankaseka bwanji? Mawu aakulu kapena aang'ono? Zayamba kundithawa."

Ndinafufuza m'mutu mwanga monse. Nkhope ndinkaiona, malaya ofiira ndinkawaona, koma mawu kunalibe. Lachisanu lililonse ine ndinkangodikira kuti kavidiyo kathe nditenge laputopu.

"Ankaseka ngati inu, ambuje," ndinanama.

"Ine? Kodi ndimaseka ine?" Anamwetulira pang'ono, koyamba chichokereni ku Balaka, n'kupitiriza kusoka.

Anamwalira dzinja lotsatira, atandikhululukira zonse zimene ankazidziwa. Lero ndine bambo wa ana awiri, koma bodza lachiwirilo ndikuyenda nalobe. Iwo anapita akulikhulupirira, ndipo ndilibenso woti ndikamuululire.